Kabokosi ka pa Denga la Alamu

"Ngati mulibe chobisa, bwanji foni simuyankhira m'nyumba mwanu?" anafunsa amayi, ataima pakhomo pa alamu anga, manja ali m'chiuno. "Nyumba anakumangirani, mipando anakugulirani, kabokosi anakukhomerani padenga. Chimakunyamulani n'chiyani tsiku ndi tsiku kuti mukaime kwa wokonza njinga? Muli ndi njinga inu?"

"M'nyumba muno foni sikugwira, amayi," anayankha alamu. Anali atawerama pa beseni, akufinya matewera a mwana. "Ndanena, ndanenanso. Ikangokwana folo koloko, nthawi imene mwana wanu amaweruka n'kuimba, imangofa."

"Imafa folo koloko! Ili ndi wotchi?"

"Sindikudziwa."

"Mwamva anthu? Sakudziwa. Kabokosi ka apongozi anu kali apo, mapazi makumi awiri kuchokera pano, kakuonetsa mpira mpaka anthu kumaona thukuta pamphumi pa wosewera. Kanu kokha ndiye kodwala malungo a folo koloko."

"Lowani muyese nokha ikakwana nthawiyo."

"Ndiyese chiyani? Ine ndayesa kale maso anga. Mkazi wa telala wakuonani. A kuchigayo akuonani. Utsi sufuka popanda moto, mpongozi. Mwana wanga akuthyoka msana kutali uko, inu mukuseka ndi munthu wa mafuta m'zikhadabo."

Alamu anakutumula thewera limodzi mwamphamvu, madzi n'kuwazikira pa nsalu ya amayi. Sindikudziwa ngati anachita dala.

Ine ndinali kuseri kwa chingwe choyanikira zovala, ndili ndi zopanira m'manja. Mawu akuti folo koloko anandisautsa, koma chifukwa chake chenicheni sindinkachidziwa bwino.

Kwathu kulibe nsanja ya mafoni. Chaka chatha bungwe lina linabweretsa timabokosi toyera, tokula ngati njerwa, n'kutikhoma pamadenga a nyumba khumi ndi zinayi za mumsewu mwathu. Timabokosito timapatsirana mauthenga. Ka kwathu kamapatsira ka kwa telala, ka kwa telala kamapatsira ka kuchigayo, choncho mpaka kusukulu, kumene kuli waya wopita kunja. Mayi wa bungwelo, amene ana anamutcha Mayi Makwerero chifukwa sayenda opanda makwerero, anaphunzitsa anthu atatu kasamalidwe kake kwa masiku awiri. Ine ndinali mmodzi mwa iwo, popeza ndinali nditangolemba mayeso otsiriza a kusekondale ndipo ndinkangokhala. Zambiri zinandidutsa. Chimene ndinagwira n'chimodzi: kabokosi kalikonse, kasanalankhule, kamayamba kamvetsera. Kakamva kanzake kakulankhula, kamadikira.

Bambo ali ndi holo ya kanema kumaso kwa nyumba yathu, mabenchi asanu ndi atatu ndi nsalu yakuda pakhomo. Mwezi wathawo chithunzi chinkaimaima mpira uli pakati, anyamata n'kumakuwiza. Tsiku lina chinaima wosewera atatukula mwendo kuti amenye penate, ndipo anthu anatuluka akutukwana. Bambo anandiitana.

"Injiniya, tinakutumiza kumaphunziro kuti ukadye mabisiketi? Konza ichi."

Ndinatsegula tsamba la kabokosi kathu pafoni. Panali manambala awiri amene Mayi Makwerero anati tisamawakhudze. Ina inali ya mphamvu ya mawu a kabokosi, ina ya khutu lake. Ya mawu ndinaikweza mpaka pamapeto. Ya khutu ndinaigonthetsa, kuti kasamadikire anzake. Chithunzi chinayenda ngati madzi. Bambo anandisisita pamutu pamaso pa anthu, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire changa.

Holo imatsegulidwa folo koloko. Izi ndinazikumbukira ndili kuseri kwa chingwe chija. Koma ndinadziuza kuti zinthu zambiri zimachitika folo koloko. Ana amachoka kusukulu, chigayo chimalira, mphepo imatembenuka.

Mawa lake ndinapita kwa alamu nthawi isanakwane. Ndinawapeza akupeta nyemba, foni ili pampando, mwana akugona pamphasa.

"Wabwera kudzandilondera?" anafunsa osandiyang'ana.

"Ayi. Ndimati ndione kabokosi."

"Kaone. Mwina iwe kakuuza chimene kandidera."

Kunja ndinamva bambo akukoka mabenchi, kenaka nyimbo yoitanira anthu inayamba. Ndinatuluka n'kuyang'ana padenga. Kanyali ka kabokosi ka alamu, kamene kamaphethira mobiriwira kakamatumiza, kanali katangoti tong'o, kachikasu. Pafoni timizere tonse ta netiweki tinalipo, koma uthenga umene ndinayesa kutumiza unangozungulira.

"Waona?" anatero alamu. "Mamawa imagwira. Masana imagwira. Koma achimwene ako mamawa ndi masana amakhala ali pansi pa mgodi, foni amasiya pageti. Ali ndi theka la ola lokha, asanakwere basi ya kukampu, kumene kulibe netiweki. Ndikapanda kuwayankha, amati ndili kuti. Tsiku lina ndinayenda ndi foni m'manja msewu wonsewu ngati wofuna ndalama yotaya, n'kupeza kuti imagwira pamtengo uja wa kwa Sipoko. Ndiye ndimaima pamenepo."

Sipoko ndi wokonza njinga uja, wa kumapeto kwa msewu. Ndi munthu wa pakamwa posatseka.

"Bwanji osawauza achimwene?"

"Ndinawauza. Koma iwe ukudziwa Sipoko. Ine ndikulankhula, iye akugogoda limu ya njinga, kwinaku akukuwa, 'Apatseni moni a kumgodiwo, muwauze kuti kuno tikusamala!' Iye amati akuseka. Achimwene ako amangoti, 'Ndaninso ameneyo? Dzulo yemweyo, lero yemweyo.' Ndiye amayi awonjezera mchere."

"Mwina n'kabokosi ka bambo," ndinatero motsitsa.

"Wati chiyani?"

"Ndati mwina kabokosi kanu kafooka. Ndiyese kukakonza."

Anandipatsa foni. Ndinaganiza kuti ngati ka bambo kakukuwa, ka alamu nakonso kakuwe. Ndinakweza mawu ake mpaka pamapeto. Kanyali kanakhalabe kachikasu. Ndinasokonezeka. Kenaka ndinakumbukira kuti kukuwa sikuthandiza kanthu ngati kabokosiko kakudikirabe mpata. Ndinagonthetsanso khutu lake. Kanyali kanaphethira mobiriwira, foni n'kulira nthawi yomweyo.

Alamu anailumphira. "Halo! Halo, bambo a mwana! Ndili m'nyumba, mukundimva?"

Mawu a achimwene anabwera oduka ngati munthu wolankhula akumira. Ku holo kunabuka mfuu, chithunzi chitasweka. Foni inaduka. Alamu anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Koma yalira," anatero. "Yalira m'nyumba muno. Wamva nawe, eti? Ukawauze amayi."

Ndinawauza. Amayi anati kulira kamodzi si umboni, ngakhale tambala wodwala amalira kamodzi.

Masiku awiri atapita, telala anafika kwathu tepi ili m'khosi, akudandaula kuti zithunzi za madiresi zimene makasitomala amamutumizira zasiya kufika. Bambo anamuuza kuti kwathu zonse zili bwino. Telala anapita kwa mwana wa a kuchigayo, mnzanga wa kumaphunziro kuja, ndipo iye anachita zomwe ndinachita ine. Ka telala katayamba kukuwa, ka kuchigayo kanatsekeka pakamwa, nakonso anakakweza. Mphunzitsi wopuma wa kuseri kwa chigayo anamva kuti pali nambala yokweza, n'kupempha kuti amukwezere kawiri. Pofika Lamlungu msewu wonse unali utakweza mawu ndi kugonthetsa makutu, ndipo panalibe foni yogwira ikakwana folo koloko, ngakhale pamtengo wa kwa Sipoko. Kanema wa bambo ankayenda mphindi imodzi, kuima ziwiri.

Aliyense anali ndi chifukwa chake. Telala anati timabokosi takalamba. Mphunzitsi anati ndi mitambo. A kuchigayo anati bungwe latithimitsira dala kuti tigule tatsopano. Sipoko anati n'chifukwa cha akhwangwala amene amatera pamadenga, n'kupanga legeni. Ine ndinkawerenga kabuku ka kumaphunziro kaja mobwerezabwereza, koma masamba ake anali odzaza mizere yozungulira yolowanalowana, ndipo ndikati ndamvetsa tsamba lina, lotsatira linkanditsutsa. Ngati vuto linali kabokosi ka bambo, bwanji nakonso kanayamba kuvutika? Ngati linali la onse, woyamba kutsitsa akhale ndani? Ndinayesa kubweza ka alamu momwe kanaliri, osaona kusintha. Ndinakakwezanso, chimodzimodzi.

Alamu anatha masiku asanu osalankhula ndi achimwene. Ankayenda msewu wonse, mwana ali kumbuyo, foni ataitukula m'mwamba, kuima apa, kuima apo. Anthu ankawaonerera ali m'makonde.

Lachinayi mamawa uthenga wolemba unafika pafoni ya amayi. Unali utagona panjira masiku awiri. Amayi sawerenga bwino zilembo zazing'ono, choncho anandipatsa ine kuti ndiwerenge mokweza, bambo ali pomwepo akumwa tiyi, alamu ataitanidwa n'kuima pakhomo.

"Werenga, Injiniya. Wasanduka bubu?"

Ndinawerenga. "Amayi, masiku atatu ndikuimba osayankhidwa. Ngati wapeza wina womuyankha, musamukakamize. Azipita kwawo, ndidzaona ndikadzabwera."

"Mwamva nokha," anatero amayi. "Si ine ndalemba."

"Amayi, msewu wonse foni sizikugwira," anatero alamu. "Funsani telala. Funsani aliyense."

"Zayamba liti kusagwira kwa onse? Mlungu uno. Nanga kwa Sipoko munayamba liti kupita? Mwezi watha. Musatiphimbe m'maso ndi chala. Mapanga awiri avumbwitsa, mpongozi."

"Bambo," alamu anatembenukira kwa apongozi awo aamuna, "inu ndinu mutu pakhomo pano. Nenanipo kanthu."

Bambo anauzira tiyi. "Mwini mkazi walankhula. Ine ndingawonjezere chiyani? Loweruka kuli basi ya madzulo. Mukapume kwanu, mitima izizire."

Alamu anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana foni ya amayi, ngati kuti munatsala mawu ena osawerenga.

Masana a tsikulo ndinawapeza bambo mu holo akupukuta kanema ndi kansanza. Ndinaima pafupi ndi benchi yomaliza mpaka anandiona.

"Ukufuna chiyani?"

"Bambo, ndikuganiza kuti ndi kabokosi kathu."

"Kachita chiyani?"

"Tsiku lija ndinakakweza mawu, n'kukatseka khutu. Ka alamu kali pafupi kwambiri. Holo ikatsegulidwa, kathu kamalankhula osapuma, ndiye ka alamu kamangodikira. N'chifukwa chake ankapita kutali."

Bambo anasiya kupukuta. "Ukuganiza kapena ukudziwa?"

"Ndikuganiza."

"Wauza ndani?"

"Palibe."

"Ndiye uziganiza chamumtima. Ukufuna msewu wonse unene kuti ine ndi amene ndawonongera anthu mafoni? Telala uja, ndi pakamwa pake paja? Mawa bungwe lidzazule kabokosi kathu, holo itsekedwe, udya mabenchi? Akazi a achimwene ako ali ndi miyendo, anayenda okha, palibe anawakankha. Nkhani yawo ndi ya pansi, usaikweze padenga."

"Koma ngati sanalakwe?"

"Ngati sanalakwe adzabwerera. Madzi saiwala khwawa. Tenga tsache usese muno."

Ndinasesa.

Loweruka cha m'ma thu koloko, alamu atamanga kale chikwama ndi kukulunga mphasa ya mwana, njinga yamoto inaima kumaso kwa holo, makwerero atamangidwa m'mbali. Telala anali atayenda wapansi mpaka kusukulu kukadandaula, ndipo a kusukulu anaitana Mayi Makwerero. Anavula chipewa, n'kuyang'ana madenga onse mmodzimmodzi ngati namwino woyang'ana odwala.

"Aliyense amene ali ndi kabokosi abwere muno," anatero. "Ndilibe mafuta oyendera khomo ndi khomo."

Anthu anadzaza mabenchi. Amayi anakhala kutsogolo. Alamu anaima kumbuyo pafupi ndi nsalu ya pakhomo, mwana ali kumsana. Sipoko anabwera ndi legeni yake.

Mayi Makwerero anatsegula laputopu, n'kuyang'anamo, kenaka anaseka osasangalala.

"Timabokosi khumi ndi tinayi. Khumi ndi kamodzi takwezedwa mpaka pamapeto ndi kugonthetsedwa. Anthu inu, munayamba mwakhalapo pamsonkhano woti aliyense akukuwa atatseka makutu? Munamvana chiyani?"

"Ife tinakweza chifukwa sizimagwira," anatero telala.

"Sizimagwira chifukwa wina anakweza. Tamverani. Kabokosi kanu sikafunika kumveka msewu wonse. Kafunika kumveka kwa mnansi wake basi. Tonse tikamalankhula motsitsa, a telala akhoza kupatsira a kuchigayo nthawi yomweyo imene a kumapeto uko akupatsirana zawo, osasokonezana, ngati amayi awiri akunong'onezana pakona iyi, ena awiri pakona iyo. Koma mmodzi akaimirira n'kuyamba kukuwa, aulemu onse amakhala chete kumudikira. Ndipo akakhala wogontha, samva n'komwe kuti ena akufuna kulankhula."

"Ndiye si akhwangwala?" anafunsa Sipoko. Anthu anaseka.

"Khwangwala wake ali ndi zala," anatero Mayi Makwerero. "Timabokositi timasunga tsiku limene tasinthidwa. Koyamba ndi aka ka padenga pano, milungu isanu yapitayo. Anthu odziwa nambala yachinsinsi ndinasiya atatu. Ndani?"

Bambo anatsokomola. "Mwina kanadzisintha kokha. Zamagetsi izi."

"Kabokosi sikadzisintha, bambo, monga malaya sadzisoka. Eti a telala?"

Mwana wa a kuchigayo ankandiyang'ana. Ndinaimirira.

"Ndine."

"Kweza mawu, mtsikana, apa ndiye pofunika kukweza."

"Ndine. Chithunzi chinkaima, ndiye bambo anati ndikonze."

"Ine ndinati akonze," anatero bambo mofulumira. "Sindinati awononge. Ndimadziwa manambala ine?"

Phokoso linabuka. Telala anaimirira akuloza bambo ndi sizasi, mphunzitsi akumukhazika pansi. Ine ndinali ndisanamalize. Ndinadikira kuti phokoso litsike, koma silinkatsika, ndiye ndinalankhula momwemo.

"Muonenso ka alamu anga! Ka nyumba ya kuseriyi. Muwauze anthu chimene kanachita."

Mayi Makwerero anandiyang'ana modabwa, n'kudina pa laputopu. "Aka? Aka ndiye kanazunzika kuposa tonse. Kuyambira tsiku lomwelo, folo koloko iliyonse, kamafuna kutumiza, kumva ka padenga pano, n'kudikira. Kufuna, kudikira. Mpaka holo itatsekedwa. M'nyumba imeneyo foni sikanagwira ngakhale mutaipempherera."

"Nanga bwanji imagwira kwa Sipoko?" anafunsa mkazi wa telala.

"Kwa Sipoko n'kutali, ndiponso pakati pali malata a chigayo. Kabokosi kake sikankamva ka kuno, ndipo sukulu ili pafupi. Mumsewu monse muno malo amene foni ikanagwira nthawi imeneyo anali amenewo. Bwanji, pali nkhani?"

Mkazi wa telala anayamba kukonza duku lake. Sipoko anabisa legeni m'thumba.

Mayi Makwerero anabweza manambala a timabokosi tonse ali pomwepo. Ka bambo anakatsitsa kwambiri kuposa kale.

"Ndiye chithunzi chiziimanso," anadandaula bambo.

"Chiziima pang'ono nthawi zina. Palibe anafapo ndi chithunzi choima. Nambala yachinsinsi ndasintha, ndipo ndapita nayo." Ananyamula chipewa chake n'kutuluka.

Anthu anabalalika msanga, aliyense maso ali pafoni yake. Ife a pabanja tinapita kuseri, osapangana, n'kuima pakhomo pa alamu pamene panali chikwama. Bambo anayatsa kanema n'kutitsatira. Folo koloko itangokwana, foni inalira pampando m'nyumba.

"Yankhani, mpongozi," anatero amayi ndi mawu ofewa amene ndinali ndisanawamvepo. "Ndi amuna anu."

Alamu anayankha n'kutsegula sipika. Mawu a achimwene anamveka bwinobwino, ngati ali pakhomo pomwepo.

"Halo? Lero mwayankha? Muli kuti?"

"Ndili m'nyumba mwanu."

"Kuli zii lero. Mwamuuza kuti asagogode?"

Alamu anatseka maso. Kenaka anatambasula dzanja n'kupereka foni kwa amayi.

"Mwana wanga, ndi ine," anatero amayi. "Ali kunyumba ndithu. Zinali zamakina. Kunabwera mayi wa bungwe uja, wakonza. Mlongo wakoyu ndi amene anasokoneza manambala, chibwana. Basi tiiwale, zatha."

"Zamakina bwanji? Nanga za wokonza njinga munkandiuza zija?"

"Aaa, anthu amalankhula, mwana wanga. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Akazi ako sapitanso, amasula chikwama."

Alamu anatenganso foni. "Bambo a mwana, ndifunse chimodzi. Ine ndinakuuzani kangati kuti m'nyumba muno sikugwira?"

"Munandiuza, koma munthu uli kutali umaganiza zambiri. Nanga amayi anganame? Basi, poti zadziwika, zatha. Basi yafika, ndiimba mawa."

Foni inaduka. Amayi anawerama kuti anyamule chikwama kulowetsa m'nyumba, koma alamu anachiponda ndi phazi.

"Amayi, nkhani ija munainena kuchigayo. Munainena kwa telala. Munainena pamjigo, ine ndili pamzere womwewo ndi ndowa yanga. Mukainenenso komweko kuti sizinali zoona. Mukatero ndimasula chikwama."

"Anthu amva kale mu holo muja."

"Amva kwa mlendo. Ndikufuna amve kwa inu."

"Ine? Ndi imvi zangazi ndiziyenda khomo ndi khomo kupepesa chifukwa cha mpongozi? Ndinalakwa chiyani? Ndinanena zimene maso anaona. Munkapita kapena simunkapita?"

"Bambo?" anatero alamu.

Bambo anayang'ana kumene kunali holo, kumene anyamata anali atayamba kuimba malikhweru. "Mlandu watha, mpongozi. Mwawina. Mukufunanso chiyani? Madzi akatayika saoleka. Ine anthu akundidikira." Anapita.

Alamu anaika foni pampando, anamangitsa nsalu ya mwana, n'kunyamula mphasa. Ine ndinanyamula chikwama, chifukwa sindinadziwe china chochita ndi manja anga. Amayi anatsala akulankhula okha kuti akazi a masiku ano ukawapatsa dzanja amafuna phewa.

Tinayenda msewu wonse wapansi. M'makonde anthu anali pamafoni, akuseka, akuitana abale awo. Ena ankatsitsa maso tikamadutsa. Sipoko anaimirira ngati akufuna kunena kanthu, koma alamu sanatembenuke. Titafika pokwerera basi, anandilanda chikwama n'kuchiika pansi pakati pathu.

"Iwe unadziwa liti?"

"Sindinali wotsimikiza, alamu. Zinkandisokoneza. Mpaka lero sindikumvetsa zonse."

"Sindinafunse ngati unatsimikiza. Ndati liti?"

"Tsiku lija amayi anakukalipirani muli kuchapa."

Anawerenga ndi zala. "Masiku khumi ndi awiri." Sanakweze mawu. "Amayi ako sanatsimikize, koma analankhula msewu wonse. Iwe sunatsimikize, unakhala chete. Ine pakati." Anakonza chipewa cha mwana. "Komabe waimirira lero. Ndaona miyendo yako ikunjenjemera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mlamu. Usadzafere kumeneko."

"Mubwerera?"

"Funsa amayi ako. Njira ya kumjigo akuidziwa."

Basi inabwera, anakwera, mwana akundiyang'ana pazenera mpaka fumbi linatseka.

Lamlungu foni inalira folo koloko m'nyumba yopanda munthu. Inamveka mpaka kukhitchini kwathu. Amayi anati tisaikhudze, mpongozi abwera mawa mtima ukatsika, palibe chifukwa chovutitsira mwana ali pantchito. Lolemba inaliranso, kasanu. Achimwene anaimbanso pafoni ya amayi, amayi n'kuiika pansi pa pilo. Kumjigo anatuma ine.

Lachiwiri, nthawi itatsala pang'ono, amayi anandipeza ndikutsuka mbale. Anaima pafupi nane kanthawi, akupotokola ngodya ya nsalu yawo.

"Mwana wanga," anatero monong'ona, "manambala aja sungawabwezere momwe unawaikira poyamba? Masiku ochepa okha. Kuti isamalire. Tizinena kuti zavutanso."

"Nambala yachinsinsi anapita nayo, amayi."

"Ndiye kwera uzule waya. Bambo ako ali ndi makwerero."

Foni inayamba kulira. Ndinapukuta manja pa siketi, ndinadutsa pabwalo, n'kukankha chitseko cha alamu. Amayi ankandiitana kumbuyo, poyamba motsitsa, kenaka mokuwa. Ndinatenga foni pampando.

"Halo, mayi a mwana?" anatero achimwene. "Masiku awiri onsewa munali kuti?"

"Achimwene, ndi ine," ndinatero. "Musadule. Muli ndi theka la ola, ndipo ndiyambira poyamba."